Kwawo kwa Mvula

Walira mvula walira matope. Akuluakulu amanena mawuwa kwa munthu amene wapeza chomwe ankachifuna koma wayamba kudandaula ndi zomwe chabwera nazo: mtsikana amene ankalirira banja tsopano akulira ndi apongozi, bambo amene ankalimbirana unyakwawa tsopano sakuona tulo ndi milandu ya malire a minda. Mwambiwu sanaupangire kuphunzitsa za nyengo. Koma amene anauyamba ayenera kuti anali mlimi, ndipo anasankha mvula podziwa kuti palibenso china chimene timachipempha ndi mtima wonse n'kumachiopa ndi mtima womwewo. Mu Novembala maso onse amakhala kumwamba. Pofika Malichi, makamaka zaka zino, maso omwewo amakhala kuphiri ndi kumtsinje.

Makolo athu ankadziwa kuti mvula ili ndi kwawo, ndipo kwawoko si pamudzi. N'chifukwa chake ng'amba ikavuta sankangokhala pabwalo n'kumawerenga mitambo. Ankatuma anthu ulendo wa masiku, ena ku Msinja kwa Makewana, ena ku Khulubvi, ku Nsanje, kukachisi wa Mbona. Munthu atha kukhulupirira zimenezo kapena ayi, koma nzeru imene ili pansi pake ndi yoona: chimene chimagwetsa mvula m'munda mwako chimayambira kumene maso ako safika. Chomwe sakanatha kudziwa ndi kutalika kwake kwa ulendowo.

Malawi alibe gombe la nyanja yamchere. Ambiri mwa ife tidzatsikira kulichete tisanalaweko madzi ake. Komabe nsima imene timadya ndi ya kumeneko. Nyanja zamchere zinaphimba magawo 71 mwa magawo 100 a dziko lapansi, ndipo nthunzi yambiri imene imakwera mumlengalenga, yoposa magawo 80 mwa 100, imachoka pa nyanjazo. Dzuwa likawomba, madzi amasanduka nthunzi, mchere n'kutsala. Nthunziyo imakhala m'mwamba masiku pafupifupi 9 isanagwe, ndipo pa masiku amenewo mphepo imatha kuiyendetsa makilomita masauzande. Ina imagwa kaye m'nkhalango, mitengo n'kuibwezera kumwamba kudzera m'masamba, n'kukagwanso patsogolo. Chimanga cha ku Kasungu, mpunga wa ku Karonga, mbatatesi ya ku Dedza, zonsezi zimamwa madzi amene dzana anali mafunde a nyanja ya India kapena ya Atlantic.

Nthunzi sinyamula madzi okha. Mayi aliyense amene amasunga madzi akumwa mumtsuko wadothi amadziwa kuti amazizira ngakhale mu Okutobala. Chimachitika n'chakuti madzi pang'ono amadutsa m'timabowo ta dothilo n'kukauma kunja, ndipo pouma amatenga kutentha kwa mumtsukomo n'kupita nako. Nyanja imataya kutentha kwake mwa njira yomweyi, ndipo kutenthako sikusowa, kumabisala m'nthunzi. Nthunziyo ikakwera kozizira n'kusanduka madontho, imatula kutentha konse kumene inatenga panyanja. Mpweya wa pamenepo umafunda, umapepuka, umakwera kwambiri, n'kukokera mpweya wina wachinyezi pansi pake. Chimtambo chakuda chija chimene chimakula masana a Disembala mpaka kutseka dzuwa chimadzikankha chokha m'mwamba ndi moto umene unatoledwa panyanja sabata yapitayo. Apa ndi pamene mwambi uja umandifika pamtima. Mphamvu imene imatitengera mvula ndi yomweyo imene imasasula madenga, ndipo ziwirizi zimayenda m'dontho limodzi.

Mpweya ndi wa mtima wapachala: mamawa kwazizira, masana kwatentha, madzulo kwachita mphepo. Nyanja siitero. Madzi amachedwa kufunda, amachedwanso kuzizira, moti mamita atatu okha a pamwamba pa nyanja amatha kusunga kutentha kofanana ndi kwa mpweya wonse wozungulira dziko, pamene nyanjazo m'malo ambiri n'zakuya makilomita oposa atatu. Choncho za lero ndi za mawa amagamula ndi mpweya, koma za chaka chonse, ndi za zaka, amagamula ndi nyanja.

Dzinja lathu limabwera motere. Kumene dzuwa lili paliwombo, mpweya umatentha n'kukwera, ndipo mphepo zochokera mbali ziwiri, ya kummwera chakum'mawa ndi ya kumpoto chakum'mawa, zimathamangira kukadzaza malowo. Pamene zakumanapo palibe kolowera koma kumwamba, ndipo pamenepo pamabadwa mzere wa mitambo wozungulira dziko lonse, umene a zanyengo pawailesi amautchula kuti ITCZ. Mzerewu umatsatira dzuwa. Mu Julayi umakhala kumpoto, ukunyowetsa Ethiopia, maiko a m'mphepete mwa chipululu cha Sahara ndi India, ife tikuwotha moto. Kuyambira Novembala umatsetserekera kuno, n'kukhala nafe mpaka Malichi kapena Epulo. Palinso mlendo wachitatu, mphepo ya Congo, yomwe imachokera ku Atlantic n'kudutsa pamwamba pa nkhalango yaikulu ija, n'kufika kuno kuchokera kumpoto chakumadzulo italemedwa ndi chinyezi. Mvumbi wambiri wa Januwale ndi wake. Agogo akamati kutentha kwa Okutobala kukuitana mvula sanama: nthaka yotenthayo ndi imene imakweza mpweya n'kutsegulira mphepozi khomo. Chizimalupsa chimakhala ngati odi wake.

Ngakhale miyezi yozizira nyanja siitisiya. Mphepo yozizira ikazungulira kunsi kwa South Africa n'kudutsa pa nyanja ya India, imalowa kudzera ku Mozambique, n'kugunda mapiri a Mulanje ndi zitunda za Thyolo. Ndiye chiperoni chimenecho, nkhungu ndi mvula yowaza ya mu Juni ndi Julayi, yomwe inatenga dzina ku phiri la Chiperone la ku Mozambique komweko, ndipo ndi yomwe imasunga tiyi wobiriwira kwina konse kutauma. Mphepo yomweyo ikafika panyanja yathu ndi mwera. Mwera umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo kummwera kwa nyanja kumatumphuka madzi ozizira a pansi okhala ndi chonde, chimene chimameretsa tizomera todyetsa nsomba. Kuchuluka kwa nsomba ku Mangochi kuli ndi dzanja la mwera. Koma msodzi aliyense amadziwa mabwato amene mwera unameza, ndipo nyanja yomweyi itakalipa mu Julayi 1946 inamiza sitima ya Vipya, anthu 145 n'kutsalira m'madzi.

Namondwe ndi mtambo womwe uja wa Disembala, koma utapeza chakudya chosatha. Amabadwira pa madzi ofunda madigiri 26 kapena kuposa, kufundako kutalowa pansi ndithu. Mitambo ya mabingu imasonkhana, iliyonse ikutula kutentha kwake, mpweya ukukwera pakati, wina ukuthamangira komweko kuchokera mbali zonse, ndipo kuzungulira kwa dziko kumapotoza mphepozo mpaka zonse zitayamba kuvina gule mmodzi. Akakhala panyanja amakula. Akatera pamtunda amayamba kufa ndi njala, koma pofa amasanza madzi onse amene ananyamula.

Namondwe Freddy anabadwa kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, kumpoto chakumadzulo kwa Australia, ndipo dzinalo anamupatsa ndi a zanyengo a dziko limenelo. Tsiku limenelo ku Chilobwe anthu ankapita kumsika ndi kusukulu, chimanga chili pa msinkhu wa m'chiuno m'timinda ta m'mbali mwa phiri la Soche. Anawoloka nyanja yonse ya India, makilomita oposa 8,000, anadutsa kumpoto kwa Mauritius, nakatera ku Madagascar pa 21 Febuluwale. Anawoloka chilumbacho, nakateranso ku Mozambique kufupi ndi Vilankulo pa 24 Febuluwale. Pamenepo anayenera kuthera. Koma zotsalira zake zinabwerera pa madzi ofunda a pakati pa Mozambique ndi Madagascar, zinadya, zinanenepa, ndipo pa 11 Malichi anateranso kufupi ndi Quelimane n'kulunjika kuno. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO linatsimikiza pambuyo pake kuti palibe namondwe wina wolembedwa m'mabuku amene anakhala moyo nthawi yaitali chotero: masiku 36.

Kuno mphepo yake inali itafooka kale. Chimene chinatipha ndi madzi. Anayenda pang'onopang'ono pamwamba pa chigawo cha kummwera, akukoka chinyezi kuchokera kunyanja, mapiri akuchikweza m'mwamba, ndipo madera ena analandira m'masiku ochepa mvula ya miyezi yambiri. Soche anatsika ndi miyala yake usiku. Ku Chiradzulu mudzi wa Ntauchira unakwiririka. Ku Phalombe ndi ku Mulanje mitsinje inasiya njira zake n'kutsegula zatsopano pakati pa midzi. Omwalira ndi osowa pamodzi anaposa 1,000, ndipo anthu oposa 600,000 anasowa pokhala. Pali mabanja amene mpaka lero alibe manda oti akasesepo. Chaka chimodzi m'mbuyomo namondwe Ana anali atagumula damu la Kapichira n'kutisiya mumdima, namondwe Gombe n'kutsatira. Mu 2019 Idai anali atasakaza Beira. Onsewa anadyera pa madzi omwewo amene amatitumizira chiperoni.

Patangotha miyezi khumi ndi umodzi, minda yomweyo inapsa ndi dzuwa. Mu Febuluwale 2024, chimanga chitayamba kumasula, nthawi imene chimafuna madzi koposa, kumwamba kunangoti mbee kwa masabata. Pa 23 Malichi Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Zambia inali italengeza kale, Zimbabwe inatsatira, ndipo madzi a ku Kariba anatsika mpaka Lusaka kumagona mumdima. Ulendo uno gwero lake silinali nyanja yoyandikana nafe. Linali kuseri kwa dziko, ku Pacific.

Nkhani yake ndimaikonda chifukwa inayamba ndi asodzi. Ku gombe la Peru madzi amakhala ozizira ndi odzaza nsomba, chifukwa mphepo imakankhira madzi ofunda a pamwamba kumadzulo, cha ku Indonesia, ozizira a pansi n'kumatumphuka, monga mwera umachitira ku Mangochi. Koma asodzi kumeneko ankaona kuti cha m'nyengo ya Khirisimasi kumabwera madzi ofunda, ndipo zaka zina amafunda mopitirira, nsomba n'kusowa, mvula n'kugwa m'chipululu. Anawatcha El Niño. Kwa iwo inali nkhani ya pagombe lawo basi. Kutali ndi kumeneko, ku India, mvula inakanika mu 1899 ndipo njala inapha anthu osawerengeka. Gilbert Walker, katswiri wa masamu wa ku Britain amene anayamba kutsogolera ntchito za nyengo ku India mu 1904, anathera zaka zambiri akusonkhanitsa miyezo ya mpweya ya m'maiko osiyanasiyana, kufuna njira yodziwiratu chaka cha njala. Anapeza kuti mpweya ukalemera mbali ya kum'mawa kwa Pacific umapepuka cha ku Australia ndi ku nyanja ya India, ndipo pakapita zaka zimatembenuka. Chifukwa chake sanachipeze. Mpaka mu 1969 ndi pamene katswiri wina, Jacob Bjerknes, anaonetsa kuti za asodzi a ku Peru ndi za Walker ndi chinthu chimodzi: mphepo ikafooka madzi ofunda amabwerera kum'mawa, ndipo madziwo akabwerera mphepo imafookeratu. Nyanja imasintha mpweya, mpweya n'kusintha nyanja, osadziwika anayamba ndani.

Mitambo ikuluikulu ya ku Pacific imatsatira madzi ofundawo, ndipo ikasamuka, malo amene mpweya umakwera ndi amene umatsika amasuntha kuzungulira dziko. Kummwera kwa Africa kawirikawiri kumagwera mpweya wotsika, wouma, wosabala mtambo. Zimachitika pakapita zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri. Chilala cha 1992, chimene akuluakulu amachikumbukira ndi chimanga chachikasu cha thandizo, chinali cha El Niño, chimodzimodzi cha 2016. Mu 1994 katswiri Mark Cane ndi anzake anaonetsa kuti kutentha kwa madzi a kum'mawa kwa Pacific kumafotokoza zoposa theka la kukwera ndi kutsika kwa zokolola za chimanga ku Zimbabwe. Tangoganizani: nkhokwe ya ku Masvingo kumamvera madzi a ku Peru. Koma si lamulo losasweka. El Niño wamphamvu wa 1997 ndi 1998 sanabweretse chilala choopsa chimene chinkayembekezeka kuno, chifukwa nyanja ya India nayo imakhala ndi mawu ake. Ndipo dziko lathu linagona pamalire: chaka chimene kummwera kukupsa, kumpoto ndi ku Tanzania kumatha kugwa mvula yochuluka. Mu 2024 momwemo, chimanga chikufota ku Balaka, mtsinje wa Dwangwa unasefukira, ndipo nyanja ya Malawi inadzaza mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima.

Mpaka apa mwambi uja ukuyenda bwino. Koma pali pamene umandivuta. Umanena kuti walira ndiye alandire, ndipo umaganiza kuti wolira ndi wolandira ndi munthu mmodzi. Utsi wa malasha, mafuta ndi gasi wakweza mpweya wa kaboni mumlengalenga kuchoka pa magawo 280 pa miliyoni, mafakitale asanayambe, kufika poposa 420 lero. Mpweyawu umatsekereza kutentha kuti kusabwerere kumwamba, ndipo pafupifupi magawo 90 mwa 100 a kutentha kowonjezerako alowa m'nyanja. Madzi a pamwamba pa nyanja ya India afunda ndi pafupifupi digiri imodzi kuchokera m'zaka za m'ma 1950. Digiri imodzi imamveka yochepa, koma mpweya ukafunda ndi digiri imodzi umatha kunyamula nthunzi yowonjezera magawo 7 pa 100 alionse, ndipo nthunzi ndi madzi ndi moto pamodzi. Akatswiri sakunena kuti anamondwe achuluka chiwerengero. Chimene akutsimikiza n'chakuti mvula yawo ikulemera. Gulu la World Weather Attribution litafufuza mvula ya Ana ndi anamondwe anzake a 2022 linapeza zomwezo. Mmalawi mmodzi amatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a tani ya kaboni pachaka. Munthu wa ku America matani oposa 13. Mayi wa ku Ntauchira analira mvula yoti chimanga chake chikhwime. Nyanja yofunda sanailire iye. Kumuuza kuti walira mvula walira matope ndi kumunamizira mlandu wa eni ake.

Komabe sindingathe kuimika nkhaniyi pamenepa, chifukwa mvula imachokera kutali koma dothi limene imasandutsa matope ndi la konkuno. Zoona, mvula ngati ya Freddy ikanagumula mapiri ngakhale okhala ndi mitengo. Napolo anatsika ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, nkhalango zisanathe ngati lero. Koma phiri lokhala ndi mitengo ndi udzu limamwa madzi pang'onopang'ono, mizu ikugwira dothi, pamene phiri lometedwa limawataya onse nthawi imodzi pamodzi ndi mnofu wake. Amene anakula akuona Soche ndi Ndirande atavala mitengo akudziwa chimene ndikunena. Ndipo madzi saiwala khwawa. Khwawa litha kuuma zaka makumi atatu, anthu n'kulikwirira, n'kumangapo nyumba, n'kubereka ana pamenepo, koma tsiku la mvula yaikulu madziwo amadzafuna njira yawo. Sindikuloza chala munthu amene anamanga pamenepo. Palibe amene amasankha kugona pansi pa thanthwe malo abwino alipo, ndipo wowotcha makala akuwotchera ife a m'tauni amene tikuphikira makalawo. Mlanduwu ndi wa mzinda umene unakula wopanda malo a anthu osauka, ndi wa tonse amene tinkaona nyumba zikukwera phiri chaka ndi chaka n'kumati n'zawo.

Pali mphatso imodzi imene nyanja imatipatsa chifukwa cha kuchedwa kwake komweko. Popeza siisintha msanga, imaulula maganizo ake pasadakhale. El Niño wa 1982 ndi 1983 atadzidzimutsa dziko lonse, akatswiri anamangirira zipangizo zoyandama pafupifupi 70 m'katikati mwa Pacific, zoyeza mphepo ndi kutentha kwa madzi. Lero palinso zina pafupifupi 4,000, zotchedwa Argo, zobalalika m'nyanja zonse, zomwe zimamira mamita 2,000 n'kutumphuka pakatha masiku khumi kudzanena zimene zapeza. Njira ya Freddy inkaoneka pa makina masiku angapo asanafike, ndipo nthambi yathu yoona za nyengo inachenjeza. El Niño amene anawotcha minda mu Febuluwale 2024 analengezedwa ku America mu Juni 2023, WMO n'kutsimikiza mu Julayi. Amithenga a ku Msinja ankanyamuka ng'amba itavuta kale. Ife uthenga umatipeza tisanagwire khasu.

Chondiwawa n'chakuti uthengawo nthawi zambiri umathera m'khutu. Munthu amene wauzidwa kuti asamuke usiku wa mvula amafunsa kuti apite kuti, ndipo mbuzi zake asiyire ndani. Mlimi amene wamva pawailesi kuti chaka chino mvula idula msanga, akapita kumsika n'kupeza mbewu ya chimanga yokhayokha, adzadzala chimanga, ndipo palibe angamunene kuti samva. Alangizi amadziwa zoyenera kuchita: mizere yotseka yosunga madzi, akalozera ndi vetiva m'malo otsetsereka, mbewu zocha msanga, mapira, nandolo, chinangwa, mbatata. Koma zonsezi zili ndi nthawi yake, ndipo nthawiyo si Novembala. Mbewu ya mbatata imene idzafunike mu Disembala imayenera kuchulukitsidwa kudimba mu Julayi ndi Ogasiti, ndipo pofika miyezi imeneyo za ku Pacific zimakhala zitadziwika kale ku Lilongwe.